Mayi Hamisu Ake Ati?

Ulendo wachinayi umene Zuhula anapita ku ofesi ya inshuwalansi ananyamula chikwama cholemera ngati cha mwana wa sukulu. Ulendo woyamba anamubweza chifukwa analibe chikalata cha imfa ya mwamuna wake. Wachiwiri chikalatacho chinalipo, koma akuti chidindo chake sichinkaoneka bwino. Wachitatu anapeza netiweki yathawa, nakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya swala ya masana, akuyang'ana kalendala ya chaka chatha imene palibe anaiganizira zoichotsa pakhoma. Tsiku la Lachiwiri limeneli anabwera ndi zonse: chiphaso cha unzika, kalata ya ukwati ya kumzikiti, kalata ya kuchipatala, ngakhalenso chithunzi cha tsiku la nikaha, ukwati wawo wachisilamu, kuopa kuti wina angafune kuona nkhope.

Mwamuna wake, Wahabu Hamisu, ankagulitsa nsalu mumsika waukulu wa Mzuzu. Anamwalira mu Epulo atangodwala masiku atatu. Zuhula anakhala m'nyumba ku Masasa miyezi inayi ndi masiku khumi a eda, monga amachitira mkazi wachisilamu akaferedwa, osapita kumsika, osapita kulikonse. Atatuluka anakatsegula shopu, ndipo akupukuta fumbi chala chake chinakhudza envulopu yomatidwa ndi selotepi kunsi kwa kauntala. Anayamba waganiza za mkazi wina, poti mwamuna samata pepala kunsi kwa thabwa popanda chifukwa. Koma m'katimo munali mapepala a inshuwalansi ya moyo. Wahabu anakhala akulipira zaka zisanu ndi ziwiri osamuuza.

Chifukwa chobisira sichinali chovuta kuchidziwa. Mkulu wake wa Wahabu, che Muhsin, amene anali ndi shopu ya nsapato mumzere womwewo, ankanena mokweza kuti inshuwalansi ndi juga yobetcherana pa imfa, ndipo Msilamu weniweni sayandikirako. Pepalalo linkati wolandira aonekere isanathe miyezi isanu ndi umodzi. Eda inali itadya kale inayi.

Kuseri kwa kauntala kunali mtsikana yemwe uja, Wiza, wa magalasi aakulu ndi juzi yobiriwira.

"Monire amama. Mwizaso?"

"Ndabweranso, mwanangu. Lero palibe chondibweza."

Wiza anatembenuza mapepalawo limodzilimodzi, akunyowetsa chala. Anagwedeza mutu kuvomereza. Anatayipa pa kompyuta, nadikira, natayipanso. Kenaka nkhope yake inasintha.

"Zonse zili bwino chomene, amama. Koma ndifunseko. Inuyo ndinu ndani kwa malemu?"

"Mkazi wawo. Ndakuuzani maulendo atatu."

"Ndiye vuto ndi limenelo. Ndalamazi si zanu."

Zuhula anagwira m'mphepete mwa kauntala. Wiza anatulutsa fomu yakale mu fayilo, yolembedwa ndi bolopeni ya buluu, naloza ndi chikhadabo. Pa dzina la wolandira panalembedwa kuti Mayi Hamisu. Pa mzere wotsatira, wofunsa za ubale, panali liwu limodzi la Chingerezi: Mother.

"Mayi Hamisu ndine," anatero Zuhula.

"Nanga apongozi anu, mayi awo a malemu, amatchedwa ndani?"

Hamisu linali dzina la bambo ake a Wahabu. Apongozi ake, amene anali moyo kumudzi ku Ntaja, nawonso anthu ankawatcha Mayi Hamisu, ndipo iwo ndi amene anayamba kutchedwa choncho.

"Tamverani," anatero Zuhula. "Wahabu sanawatchulepo mayi ake kuti mayi. Ife ndife Ayao. Iye ankati amao."

"Kompyuta siidziwa Chiyao, amama."

"Nanga bwanji simunandiuze tsiku loyamba lija?"

"Tsiku loyamba munalibe chikalata cha imfa. Fayilo sitsegulidwa popanda chikalata."

Anthu a pa benchi anasiya kuyang'ana mafoni awo. Zuhula anamva kutentha m'makutu. Si manyazi okha. Njira yonse yochokera ku Masasa, maulendo anayi onse, ankayenda ndi kachimwemwe kobisika koti Wahabu, munthu wosadziwa kulankhula zachikondi, anamuganizira mwakachetechete zaka zonsezi. Tsopano liwu limodzi linamulanda zimenezo. Bwanji ngati Wahabu ankanenadi mayi ake? Bwanji ngati envulopu ija anaibisira iyeyo, osati che Muhsin?

Wiza anatsitsa mawu. Anafotokoza kuti fayiloyo inyamuka Lachisanu masana kupita ku likulu ku Blantyre momwe ilili, ndipo ikafika kumeneko kalata ipita ku Ntaja, nkhani yatha. Njira yokonzera inali imodzi. Ajenti amene analemba fomuyo alumbire pamaso pa loya kuti analakwitsa, ndipo wachibale wa kuchimuna asaine kuti banja silikutsutsa.

"Ajentiyo muitaneni."

"Anachoka kuno ine ndisanayambe ntchito." Wiza anayang'ana chitseko cha bwana wake, nanong'ona. "F. Luhanga ameneyu ndi a Fyson. Ndinamva kuti amakhala cha ku Kaning'ina, amaweta njuchi. Koma sindinakuuzeni ndine."

Anamupangira fotokope ya fomuyo. Zuhula anatuluka osatsanzika.

Kunja kunkagwa kamvula kowaza kamene sikanyowetsa msanga koma kamalowa m'mafupa. Anaima pakhonde la sitolo ya matayala kudikira kuti kakate, ndipo posowa chochita anatambasula pepalalo. Anayang'ana siginecha ya Wahabu, yopendekera ngati ikuthawa. Pambali pake panali deti: 14 Juni, zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo.

Anawerenga kawiri. Limenelo linali tsiku limene anabereka mwana wawo yekhayo, Sumayya.

Tsikulo sakanaliiwala. Matenda anayamba m'bandakucha, ndipo pofika masana anamwino ankanong'onezana. Mayi amene ankamudikirira anatuluka kukaitana Wahabu, amene anakhala panja pa wodi kuyambira m'mawa, koma anapeza palibe. Anasowa maola atatu. Anabwera mwana atabadwa kale, nsapato zili matope, m'manja mulibe kanthu, ngakhale botolo la Fanta. Atamufunsa anangoti, "Ndinali ndi kanthu kena m'tauni." Zaka zisanu ndi ziwiri Zuhula anasunga mawu amenewo. Ankawatulutsa akakangana, ndipo Wahabu ankangoyang'ana pansi.

Anapinda pepalalo bwinobwino. Sanadziwe ngati alire kapena atukwane.

M'mawa wa Lachitatu, atasiya Sumayya kusukulu, anakwera njinga yamoto ya kabaza kupita ku Kaning'ina. Anafunsa pa golosale, anafunsa pa mjigo, anafunsa amayi otuta nkhuni. Aliyense ankawadziwa a Luhanga a uchi, koma aliyense ankaloza kwina. Wa kabaza anatopa namusiya pamene msewu umathera, ndipo chitunda chotsalacho anakwera wapansi, matope ofiira akukakamira ku nsapato.

Nyumba yake inali ya njerwa zootcha, kumbuyo kwake mitengo ya nkhalango itaima bii ngati khoma. Pakhonde mayi wina wonenepa ankasefa uchi m'ndowa.

"Odi kuno!"

"Odini, amama. Njirani, lowani." Mayiyo anati dzina lake ndi Elsie, nakuwira m'nyumba kuti kwabwera mlendo.

Fyson Luhanga anatuluka atavala tayi. Anali wamtali, wa mutu wa dazi, ndipo anafotokoza asanafunsidwe kuti njuchi ndi zapambali chabe, ntchito yake yeniyeni ikadali ya inshuwalansi, ku kampani ina yaikulu kuposa yakale ija. Analandira fotokopeyo, naiika patali ndi maso, namwetulira.

"Dzanja langa ili. Onani mmene ndinkalembera. Palibe chofufuta ngakhale chimodzi."

"Mwamuna ameneyu mukumukumbukira?"

"Wa nsalu? Chomene! Munthu ameneyu anandipeza ndikudya chipisi kuseri kwa msika, thukuta lili kamukamu mwezi wa Juni. Akuti lembani msanga, ndikuthamangira kuchipatala. Ndinalembera pa bondo." Anaseka, kenaka anaona mpango wa Zuhula ndi nkhope yake, nasiya. "Pepani. Atisiya?"

"Mu Epulo. Ine ndine mkazi wawo. Ndiuzeni zimene ananena, mawu ake enieni."

Fyson anatseka maso. Ankaoneka kuti amanyadira kukumbukira kwake. "Ndinafunsa kuti wolandira ndani. Anati, mayi a kunyumba. Ndinati dzina? Anati, Mayi Hamisu. Ndinati chaka chobadwa? Anati alibe nthawi, mayiwo ali kuchipatala akudikira mwana. Posaina bolopeni inagwa kawiri. Anati lero ndaona kuti munthu akhoza kuchoka nthawi iliyonse, ndikadzatsogola ine sindifuna mayi adzavutike ndi mwanayo."

Zuhula anayang'ana kumbali, ku ming'oma ya njuchi yopachikidwa m'mitengo. Anadikira mpaka mawu ake atakhazikika.

"Ndiye inu munalemba kuti Mother."

"Eya. Mayi ndi amama."

"Mayi ali kuchipatala akudikira mwana, inu n'kulemba Mother?"

"Ndinaganiza kuti amama awo akudikirira mpongozi wawo ku matenite. Zimachitika."

"Amene anali pa bedi ndine, bambo! Mayi a kunyumba ndine!"

Fyson anawongola tayi. "Amama, musandiphunzitse Chichewa. Ndinachilemba pa mayeso a Fomu Folo, ndinakhoza bwino chomene. Mayi ndi munthu amene anakubala. Akanafuna kunena inu akanati mkazi wanga."

Elsie anasiya kusefa. Anapukuta manja pa chitenje, nayang'ana mwamuna wake nthawi yaitali.

"A wisi Amon," anatero pang'onopang'ono, kumuitana ndi dzina la mwana wawo, "a Chimombo a kukwaya aja akamati mayi a kunyumba sanadzuke bwino, inu mumaganiza kuti akunena ndani?"

"Amama awo."

"Amama awo anamwalira inu musanamere ndevu."

"Ayi!"

"Ndiye n'chifukwa chake tsiku lija munawapatsa uchi kuti akapatse agogo? Mkazi wawo sanandiyankhule mwezi wathunthu!"

Fyson anakhala pansi pa mpando pang'onopang'ono ngati munthu wodwala msana. Anayang'ana fomuyo, nayang'ana kumwamba, milomo ikuyenda.

"Chiuta wane," ananong'ona. "Chaka chimenecho ndinagwira msika wonse. Anthu akummwera okhaokha. Onse ankati mayi, mayi. Ine mumtima ndinkati anthu awa amakonda amama awo kuposa ife." Anayamba kupinda zala. "Wa mafoni uja. Awiri a mpunga. Wa makatani. Ngakhale akulu awo a malemu, a nsapato aja, anabwera sabata yotsatira mozemba, nawonso anati…"

Anadzitseka pakamwa ndi dzanja.

"Che Muhsin?" anafunsa Zuhula.

"Sindinanene kanthu. Anandilumbiritsa."

Zuhula akanaseka pakanakhala tsiku lina. M'malo mwake anafotokoza zimene ofesi ikufuna: kalata yolumbira, pamaso pa loya, lisanafike Lachisanu masana. Fyson anayamba kupukusa mutu asanamalize.

"Sizingatheke, amama. Ndikalemba kuti ndinalakwitsa, nkhani ikafika kwa mabwana anga atsopano. Chiphaso changa cha uajenti andilanda. Ndili ndi ana awiri ku sekondale. Njuchi sizilipira fizi. Bwanji mungogwirizana ndi apongozi anu? Alandire iwo, akupatseni."

"Simunamve. Sindinakwere chitunda ichi kudzapempha kuti apongozi andigawire. Mwamuna wanga ananditchula ine, inu n'kundifufuta."

"Sindinafufute, ndinangomva mwina."

"Ndiye lembani kuti munamva mwina."

"Ndiganizire kaye. Mubwere sabata yamawa."

Mawu oti mubwere ndi amene anamutsiriza. Anawamva ku chipatala, anawamva ku boma, anawamva kanayi ku ofesi ija. Anaimirira, nakoleka chikwama paphewa.

"Sindibweranso ndekha, a Luhanga. Ndikachoka pano ndikupita kumsika. Mkazi wa wa mafoni ndimamudziwa. Akazi a a mpunga timaswali limodzi. Ndikawauza kuti amuna awo ali ndi mapepala obisa, ndipo pa mapepalapo iwo palibe. Loweruka mudzawamva akukwera chitundachi. Musankhe nokha: pepala limodzi mawa, kapena amayi makumi atatu pakhonde pano."

Elsie anatenganso sefa yake. "Mawa naini koloko adzakhala ali kwa loya," anatero osayang'ana mwamuna wake. "Ndidzawaperekeza ndekha. Tengani kabotolo ka uchi, amama, mwayenda mtunda."

Lachinayi m'mawa Fyson analumbira, nkhope ili ngati ya munthu wopita kukazulitsa dzino. Panatsala siginecha imodzi, imene Zuhula ankaiopa kuposa zonse.

Anapeza che Muhsin atakhala pa sitululu pakhomo pa shopu yawo, atavala kanzu yoyera ndi jekete pamwamba, akuyesa nsapato mayi wina amene ankalimbikira kuti phazi lake ndi saizi faifi. Zuhula anapereka salamu, nadikira mpaka wogulayo atachoka osagula. Kenaka anagwada pang'ono nawapatsa mapepala, nafotokoza zonse kupatula chimodzi.

Che Muhsin anawerenga mpaka pansi. Anavula magalasi.

"Astaghafirullah. Mng'ono wanga, mwana wa bambo anga, kuchita zimenezi kumbuyo kwanga? Ndipo inu alamu mukufuna ine ndiike dzanja langa pa pepala la juga?"

"Ndikungofuna musaine kuti banja silikutsutsa."

"Pepala likuti Mother. Ngati ndalama zoterezi zili zoti zilandiridwe, ndi za amao. Ine sindikhudza, komanso sindingawalande."

"Wahabu ananena ine, alamu."

"Munalipo?"

"Ndinali pa bedi ndikubereka mwana wa mng'ono wanu."

Che Muhsin anatsokomola, nayamba kulongosola nsapato zimene zinali zolongosoka kale. Anati nkhaniyi ndi yaikulu, iyenera kudikira akulu a banja, mwina pa Idi akadzapita kumudzi. Zuhula anayang'ana uku ndi uku. Wa shopu yoyandikana anali kalikiliki ndi wailesi yake. Anatsitsa mawu mpaka anangotsala mpweya.

"A Luhanga a ku Kaning'ina akupereka moni."

Nsapato imene inali m'manja mwa che Muhsin inaima m'malere.

"Sindinabwere kudzakuopsezani, alamu. Za inu sindiuza munthu, musaine kapena musasaine. Koma pali chimene muyenera kudziwa. Tsiku limene munapita kwa bambo amene uja, atakufunsani wolandira, munati ndani?"

"Sindikudziwa zimene mukunena."

"Chabwino. Koma munthu wina wake, wogulitsa nsapato, pa fomu yake palembedwa Mother. Akadzatsogola, mkazi wake Ruqayyah adzakwera masitepe amene ndakwera ine, ndipo adzamuuza kuti iye si kanthu."

"Bodza!" Mawuwo anatuluka mokweza mpaka wa wailesi anatembenuka. Che Muhsin anawerama. "Ndinanena momveka bwino. Ndinati mayi a kunyumba. Kawiri! Munthu wamkulu ngati uja, wa tayi, osamva Chichewa?"

Atazindikira zimene wanena, anayang'ana mlamu wake, ndipo Zuhula anayang'ana pansi mwaulemu monga mmene ankachitira nthawi zonse.

"Anandinyengerera ndi Wahabu," anatero pomaliza, mawu ali otsika. "Anati, achimwene, akazi athuwa ali kutali ndi kwawo. Ndinamukalipira pagulu, mawa lake ndinapita." Anapukuta magalasi ndi kanzu. "Ofesiyo amatsegula nthawi yanji? Tipite m'mawa, anthu a kumzikiti asanayambe kuyendayenda."

Lachisanu anafika atatu: Zuhula patsogolo, Fyson ndi tayi yake, ndi che Muhsin amene anavala chipewa cha ubweya mpaka m'maso ngati akubwera kudzaba. Pa benchi panali kale anthu asanu ndi mmodzi. Bambo wina wa ndodo ankadandaula za galimoto imene inamugunda chaka chatha, mayi wina anali ndi fayilo ya nyumba yopsa. Mzere unkayenda ngati wadwala. Wotchi yapakhoma inadutsa teni, inadutsa leveni. Mnyamata wa kampani yonyamula makalata anali atafika kale, atatsamira chitseko, chipewa cha njinga chili m'khwapa.

Itakwana nthawi yawo, Wiza anawerenga kalata yolumbira mpaka kumapeto, nayang'ana Fyson pamwamba pa magalasi.

"Ndinu a Luhanga? Timamva mbiri yanu."

"Yewo," anayankha Fyson mofooka.

Che Muhsin anasaina mofulumira, dzanja lina ataphimba nkhope. Wiza anasanja mapepala onse, natenga chidindo, nachikweza m'mwamba. Kenaka anachitsitsa pambali osadinda.

"Pali kanthu kamodzi."

"Ayi," anatero Zuhula.

"Pa kalata yolumbirayi palembedwa Zuhura, ndi r. Pa chiphaso chanu pali Zuhula, ndi l. Ku Blantyre adzati ndi anthu awiri."

Onse anatembenukira kwa Fyson.

"Ndimomwe ndinamvera," anatero.

"Inu makutu anuwo anakulakwirani chiyani?" anakuwa che Muhsin, ataiwala zobisala. "Dzina la zilembo zisanu ndi chimodzi!"

"Mukhoza kubwereranso kwa loya," anayamba Wiza, "ndiye mubwere…"

Zuhula anaika zikhato zonse ziwiri pa kauntala. Sanakweze mawu, koma ofesi yonse inamva.

"Mwanangu, ndiyang'ane. Ndabwera kasanu. Ndabweretsa chikalata, ndabweretsa chidindo, ndakwera phiri, ndabweretsa munthu amene analakwitsa, ndabweretsa mlamu wanga amene sanafune kubwera. Zuhula ndine, Zuhura ndine, Mayi Hamisu ndine, mayi a kunyumba ndine. Mwamuna anali mmodzi ndipo mkazi wake ndi amene waima panoyu. Pano sindichoka. Ukafuna utseke ofesi ndili momwemo."

"Apatseni, inu!" anatero bambo wa ndodo ali pa benchi. "Enafe tikufuna tifike pa kauntalapo tisanafe."

Wiza ananyamula fayilo nalowa kwa bwana wake. Chitseko chinatsekedwa. Wonyamula makalata anayang'ana wotchi yake, nayamba kumanga chikwama. Che Muhsin ankayenda uku ndi uku akudandaula kuti aphonya swala ya Ijuma. Zuhula sanasunthe. Ankamva mawu awiri kuseri kwa chitseko, amodzi okwera, ena otsika, koma osamveka chimene akunena. Panapita mphindi khumi zimene zinali ngati eda yachiwiri.

Wiza anatuluka ndi bolopeni yofiira.

"Akuti wolumbirayo akonze chilembocho ndi dzanja lake, asaine pambali, ine ndichitire umboni."

Fyson analandira bolopeniyo. Anthu atatu anaweramira pa dzanja lake.

"L," anatero che Muhsin. "Ngati ya Luhanga. Imeneyo mukuidziwa."

Fyson analemba pang'onopang'ono, lilime lili panja. Chidindo chinagunda kamodzi, kawiri. Kenaka Wiza anatenga fomu yakale ija, najambula mzere wowongoka pa liwu la buluu, nalemba lina pamwamba pake. Anafuna kuilowetsa mu envulopu.

"Dikira," anatero Zuhula. "Ndione."

Anaigwira ndi manja awiri. Pamwamba pa Mother wodulidwayo panali zilembo zinayi zofiira, inki isanaume: Wife. Pansi pake siginecha yopendekera ya Wahabu.

Kumbuyo kwake che Muhsin anali atasendera pa kauntala, akunong'oneza Wiza kuti pali mnzawo wina, wogulitsa nsapato, amene akufuna kukonzetsa fomu yake mwakachetechete. Wiza anayankha mokweza kuti mnzawoyo abwere yekha Lolemba ndi chiphaso, kalata ya ukwati, ndi a Luhanga. Fyson anabuula.

Zuhula sanawamve bwino. Ankaganiza kuti akadzaona liwulo adzalira, koma chimene chinabwera ndi mkwiyo wotentha, wokoma, wonga umene ankaumva Wahabu akaiwala kugula mafuta. Zaka khumi za ukwati, mwamuna ameneyu sanathe kunena pamaso pa munthu kuti mkazi wanga. Kwa alendo ankati mayi a kunyumba, kwa anzake ankati mayi a Sumayya, kwa iye mwini ankangoti inu. Manyazi ake ndi amene anamuyendetsa mzinda wonse.

"Mawu awiri okha, Wahabu," ananong'ona. "Ukanangonena."

"Amama, wa makalata akunyamuka," anatero Wiza, dzanja lili m'malere.

Zuhula anauzira inkiyo kuti iume, napereka fomuyo.